Waya Wabuluu wa Tinenenji

Inu amene munalakwitsapo anthu akuona, tamverani izi.

M'mawa wina mu 1996, minibasi ya a Lenard yopita ku Chipata inakana kulira pa boma la Chadiza. Batire inali itaferatu. Okwera anatsika n'kumakankha uku akutukwana, ndipo wolakwa ankamudziwa: Tinenenji, mtsikana wa kwa Zingalume amene dzulo lake anaika ampulifaya yokuzira mawu a sitiriyo m'galimotomo.

Tinenenji analephera giredi 9. Zokonza mawailesi anaphunzirira kumudzi, kumene wailesi imayimbira batire ya galimoto yokhala pansi pa tebulo. Kumeneko ukafuna kuzimitsa umangochotsa waya pabatire, basi. Ndiye kawaya kodzutsa ampulifaya iye anangokaphatikiza ndi waya wa kubatire. Masipika anagunda bwino zedi, koma sitiriyo itazimitsidwa, ampulifaya inatsala ikudya moto mpaka kunja kunacha.

Kuyambira tsikulo, anyamata oitanira basi akamuona ankakuwa kuti "Kankhani!" Zinamupweteka, tisanamizane. Kenaka amalume ake, a Bernado, anafika pa njinga kudzamutenga. Anati masewera a mawaya akwana, kumudzi kuli bambo wina wa ngolo amene akufuna mkazi wachiwiri.

"Ndapha batire, amalume, sindinaphe munthu," anatero Tinenenji. "Njingayo sindikwera."

Anapita kugalaja n'kupempha sitiriyo ya galimoto yakufa. Waya uliwonse anauyesa ndi babu ya indiketa, mpaka anapeza wabuluu woonda, umene unkayatsa babu pokhapokha sitiriyo ikayaka. Eya, wodzutsa ndi kugoneka ampulifaya unali umenewo!

Atapita kukapempha kuti aikenso ampulifaya ija, a Lenard anamuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'nyumba. Mawa lake anabweranso, mkuja wakenso chimodzimodzi. Atatopa naye anavomera, koma anamuuza kuti galimoto ikakananso, akwere njinga ya amalume akewo ndipo asadzaonekenso pa boma.

Tinenenji anachotsa zonse n'kuyambiranso. Anaika fyuzi pafupi ndi batire, anapala penti pachitsulo kuti waya wakuda ugwire bwino, ndipo wabuluu uja anaulumikiza pamalo pake.

Kutacha, a Bernado anali pomwepo ndi njinga, atamangirira kale katsamiro pakaliyala. Anyamata aja anandanda kumbuyo kwa minibasi, manja ali pagalimoto, akuseka. Dalaivala anapotokola kiyi. Injini inalira nthawi yomweyo, utsi wonse n'kuthera kumaso kwa okankhawo, masipika akugunda. A Bernado anabwerera okha.

Chaka chisanathe, madalaivala ankachita kudikirana pakhomo pa kashopu kake kumsika. Pamwamba pa chitseko analembapo yekha ndi penti yofiira: KANKHANI.

Nanunso mwina pali dzina limene akukunenani nalo. Asiyeni akuwe. Bwererani pomwe munalakwitsa, muyese waya uliwonse mpaka babu iyake. Osataya mtima, ndipo njinga imene yabwera kudzakutenganiyo musakwere.