Tizilombo Tofiira M'botolo

Nditangosamukira ku Mzimba kudzaphunzitsa, ndinalibe anzanga. Chitumbuka sindinkachimva, mpira sindiukonda, mowa sindilawa. Chimene chinkanditulutsa m'nyumba Loweruka ndi tizilombo. Kuseri kwa maofesi a pa boma kuli kabwalo ka udzu ndi mitengo kamene ena amati paki, ngakhale opumapo ambiri ndi mbuzi. Kumeneko ndinkagwada ndi foni, n'kumajambula nyerere, ziwala ndi agulugufe, ndikafika kunyumba n'kumafufuza mayina awo. Bambo wandevu zake, mbuyo m'mwamba, kulondola kachilombo! Mkazi wanga ankati tsiku lina ndidzamuchititsa manyazi.

Tizilombo tina n'tofewa, ukatigwira ndi zala umatinyenya. Ndiye ndinapanga chida changa: kabotolo kagalasi kokhala ndi timapaipi tiwiri pachivindikiro. Ukayamwa kamodzi ndi pakamwa, kinako kamakoka kachilombo n'kukagwetsera m'botolo. Timapaipito tinali ta diripi, anandipatsa ndi mlamu wanga wogwira ntchito kuchipatala.

Chaka chimenecho kunabuka mphekesera za anamapopa. Ankati kumidzi anthu akugona panja m'magulu, kuopa alendo obwera ndi mapaipi kudzawapopa magazi. Ndinkazimva m'minibasi n'kumaseka chamumtima.

Mvula yoyamba itagwa, pakabwalopo panatuluka tizilombo tofiira psuu, taubweya, timene timaoneka nyengo imeneyo yokha. Ndinagwada, paipi kukamwa, n'kuyamba kutikokera m'botolo. Nditadzutsa mutu ndinaona miyendo. Akabaza anali atatsamiritsa njinga zawo, amayi atatula madengu, onse atandizinga.

"Adada, mukuchita vichi apa?" anafunsa bambo wina wa jekete lachikopa. M'manja anali ndi chibenthu cha njerwa.

Ndinayankha m'Chichewa changa cha ku Dedza kuti ndimajambula tizilombo. Pamenepo ndinathira mafuta pamoto.

"Mwamumva? Si wakuno uyu! Paipi ya kuchipatala iyo, mbwenu m'botolomo ndi ndopa!"

Ndopa ndiwo magazi, mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndinayang'ana botolo langa. Tizilomboto tinali titaunjikana pansi, tofiira, ndipo ngakhale kwa ine tinaoneka ngati madontho a magazi. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinakumbukira nkhani za anthu otenthedwa ndi matayala, ndinakumbukiranso kuti mkazi wanga ndinamutsanzika kuti ndikukameta. Kumbuyo wina anakuwa kuti abweretse petulo.

"Ndapota, anthuni, ndine mphunzitsi," ndinatero, koma mawu anatuluka ngati a nkhuku yachideru.

Kenako mayi wina amene ndinkamugula tomato pamsika anadzipanikiza mpaka kutsogolo. Sanandiikire kumbuyo ayi. Nayenso nkhope inali gwa.

"Asambizgi, khuthulani pa dzanja. Tione tonse," anatero, kunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka.

Ndinatsegula botolo n'kukhuthulira pachikhatho. Tizilomboto tikadzidzimuka timapinda miyendo n'kukhala ngati tafa, ndipo ndi zomwe tinachita. Tinangoti mbwee pachikhatho panga, tofiira, osagwedera. Bambo wa njerwa uja anasendera pafupi. Ndinapemphera mumtima, osati pemphero la kutchalitchi, koma kuchonderera kachilombo kuti kadzuke.

Kamodzi kanatambasula mwendo. Kanatembenuka, n'kuyamba kukwera chala changa pang'onopang'ono, tinzake n'kutsatira.

"Magazi sayenda, ŵanthu imwe," anatero mayi uja, n'kusenza dengu lake.

Ena anaseka, akabaza anakwera njinga zawo. Bambo wa jekete sanaseke, ndipo njerwa sanaitaye. Ndinadutsa pambali pake nkhongo ikuyabwa, ndikuyembekezera kuti njerwayo itera nthawi ina iliyonse, mpaka ndinakhota pamsewu. Timapaipi tija ndinatiponya m'chimbudzi tsiku lomwelo.

Ndikadali ku Mzimba, ndipo Chitumbuka ndimachilankhula tsopano. Mvula yoyamba ikagwa tizilombo tija timatulukabe pakabwalopo. Ndimatiwona, mtima umafuna, koma ndimatilumpha manja ali m'thumba. Kugwada pagulu ndinasiya.