Tsiku limene ananditembenuza ndili mtulo

Zimene ndikufuna kukuuzanizi ndi zoona, sindikukometsera ayi. Sinditchula dzina la munthu chifukwa ena akali moyo, ndipo palibe amene ndinamusungira chakukhosi. Ndangotopa kuzisunga ndekha.

Zinachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndikuphunzitsa pa sekondale ina kufupi ndi Chiringa, msewu wathu usanaone tala. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatira komweko, m'munsi mwa Michesi. Tsiku lina ine ndi mkazi wanga tikuchokera ku boma pa matola, galimoto inagubuduzika. Iye anafera pomwepo, ndipo pamaliro ake sindinakhalepo chifukwa ndinali m'chipatala nditaphwanyika mfundo ya m'chiuno, pamene ntchafu imalumikizana ndi thupi. Patapita miyezi madokotala ku Blantyre anachotsa fupa lophwanyikalo n'kuikapo chitsulo. Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka ziwiri.

Potuluka m'chipatala anandipatsa malamulo ambiri kuposa mankhwala. Kugona chagada basi kwa milungu isanu ndi umodzi, ndi pilo pakati pa mawondo kuti miyendo isakhudzane. Osapingasa miyendo, osanyonyomala, osakhala pa mpando waufupi, osagona pamphasa. Anati ndikalakwitsa chitsulocho chiguluka, ndipo chikaguluka kawiri katatu, zoyendanso bwino ndiiwale. Nanga mphunzitsi wosatha kuima pa bolodi, ali ndi mwana wopanda mayi, apita kuti?

Anzanga a pasukulu anakweza bedi langa pa njerwa kuti ndisamapinde kwambiri pokwera. Pilo uja ndinkamumangirira ku mawondo ndi kansalu, ndipo kansalu kena ndinkakulunga m'miyendo cha ku akakolo kuti ndisatembenuke mosadziwa. Inu amene simunagonepo chagada usiku wonse simungadziwe mmene msana umadandaulira. Zidendene zimatentha, matako amachita dzanzi, ndipo munthu umangowerenga misomali ya m'malata mpaka kucha. Tulo tinkandipeza masana ndikamwa mapiritsi. Ndinkafunda nsalu yoyera mpaka kumaso chifukwa cha ntchentche, manja pachifuwa, pakuti bedi linali laling'ono.

Apongozi anga anabwera kudzalera mwana, pamodzi ndi alamu anga, akulu ake a malemu. Mukudziwa mmene mkamwini ndi apongozi amakhalira. Zaka zinayi za banja sitinayang'anizanepo maso, ndipo kuchipinda kwanga sakanalowa. Chilichonse chinkadzera kwa alamu, amene ankabwera ndi phala uku akundiseka kuti mvula ikadzayamba aliyense adzanditalikire, chifukwa mphenzi idzayambira pa ine ndi chitsulo changacho. Pepala la malamulo a dokotala, lolembedwa m'Chingerezi, ndinalikhoma pakhoma ndi msomali, ndipo ndinkaona ngati ndamaliza kufotokoza.

Mlungu wachiwiri alamu analowa osaseka. Anati amayi sakudya, akuti alamu anuwo akugona ngati mtembo, muwapemphe azigona cham'mbali ngati anthu amoyo. Ndinayankha ndi mawu a m'kalasi kuti zonse zalembedwa pakhomapo. Iwo amvekere, alamu, zapakhomazo akuwerenga ndi abuluzi. Ndinangotseka maso. Ndinali wotopa, ndipo ndinene zoona, ndinaziyesa zikhulupiriro za kumudzi zosafunika kutayira malovu.

Linali Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, malata akuthetheka ndi dzuwa. Alamu anali atapita ku chigayo. Ndili mtulo ndinamva manja, lina paphewa lina pachiuno, ofewa, osafulumira. Ndinamva mfundo ya kansalu ikumasuka, pilo akuchoka pakati pa mawondo. Manjawo ankanunkhira utsi ndi sopo wochapira. Malemu ankanditembenuza chomwecho ndikayamba mkonono, osandidzutsa, n'kumang'ung'udza kuti ndimuthamangitsira mwana tulo.

Apa ndi pamene pamandivuta kunena. Sindinali mtulo tofa nato. Ndinkadziwa kuti mkazi wanga ali m'manda, ndinkadziwanso lamulo la dokotala. Koma miyezi yonseyo palibe amene anandigwirapo chotero, anthu ankandinyamula ngati thumba la feteleza loopa kung'ambika. Ndinalola. Ndinathandizanso, ndinakankha ndi chigongono.

Anandigoneka kumbali yabwino, ndipo mwendo wa opaleshoni, popanda choutchinga, unagwera kutsogolo pamwamba pa unzake. Ndinamva phokoso m'kati mwa thupi ngati khasu likuguluka mumpini. Ululu wake sindiufotokoza. Ndinakoka nsalu kumaso, ndipo pamwamba panga panali nkhope ya mkazi wanga, koma itakalamba, masaya atalowa, duku wakuda kumutu. Maso omwewo, mpata womwewo wa m'mano. Ndinakuwa, osati chifukwa cha mwendo. Panapita kamphindi ndithu ndisanazindikire kuti anali apongozi, amene nkhope yawo ndinali ndisanaionepo pafupi chotero. Kodi ndikanadziwa bwanji kuti amafanana ndi mwana wawo chonchija?

Ataona mwendo utafupika, phazi litaloza m'kati, anabwerera cham'mbuyo mokwawa akulira m'Chilomwe. Aphunzitsi anzanga anazula chitseko n'kundigoneka pamenepo mpaka kumsewu, ndipo tinadikira galimoto pamthunzi wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Dzenje lililonse la msewu uja ndinalimva m'mano. Ku chipatala cha mishoni anandibaya jekeseni, m'mawa mwake n'kunditumiza ku Blantyre, kumene anandigonetsa n'kubwezeretsa chitsulo m'malo mwake. Dokotala atafunsa chimene chinachitika ndinati ndinatembenuka ndekha. Anapukusa mutu, nati milungu ija tiyambirenso kuwerenga, ndipo kachiwiri sangandilonjeze kanthu.

Nditabwerera ndinapeza apongozi atamanga kale katundu. Sanatume alamu. Anakhala pansi kunja kwa zenera langa, atatsamira khoma, n'kuyamba kulankhula ngati akuuza nkhuku. Anati chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo tsiku lililonse podutsa ankaona zomwe anaona tsiku loika mwana wawo: munthu chagada, nsalu yoyera mpaka kumaso, miyendo yomangidwa. Ankaona kuti ndikupuma. Koma makolo awo ankati wogona chotero ndiye kuti akuitanidwa ndipo wavomera. Anati bambo, ndinataya mmodzi, nanga kamwanaka ndikadzafa ine katsala ndi yani? Anati anadziwa kuti kulowa m'chipinda cha mkamwini n'kulaula, koma anasankha manyazi.

Ndinawafotokozera kudzera pazenera pomwepo, m'Chichewa, kuti chitsulocho chili ngati munsi mumtondo wosaya, ukapendeka umatuluka, ndipo pilo ndiye amauimika. Sizinatenge ngakhale nthawi yowiritsa madzi. Kenako anafunsa chifukwa chake sindinanene kale. Zoti ndinali maso pamene ankanditembenuza sindinawauze, ndipo mpaka anamwalira osadziwa.

Sanapite. Madzulo omwewo alamu anachotsa nsalu yoyera ija n'kundifunditsa chitenje cha maluwa ofiira, akundiseka kuti tsopano ndikuoneka ngati namwali. Apongozi anasoka pilo wina wamkulu wokhala ndi zingwe zake zomangira m'ntchafu, kuti m'mapazi musamakhalenso kansalu. Pansi pa akakolo anandipindira thaulo ndipo zidendene zinasiya kutentha. Analamula kuti ndikagona wailesi izilankhula, chifukwa akufa samvera wailesi. Milungu yonse isanu ndi umodzi ndinaitha chagada. Pambuyo pake dokotala anandilola kugona cham'mbali, pilo ali pakati pomwepo, ndipo tsiku loyamba ndinagona mpaka alamu anachita kundigwedeza phala litazizira. Lero ndimayenda, motsimphina pang'ono kukazizira, ndipo mwana ndinamulera ndili chiimire pa bolodi.

Sindikhulupirira kuti akufa amaitana amoyo. Koma sindisekanso mayi uja, chifukwa chimene anaona podutsa pakhomo chinali choona: masiku amenewo ndinalibe chidwi chenicheni chodzukanso. Madokotala anayang'ana chiuno, apongozi anayang'ana munthu, anangolakwitsa mankhwala.

Choncho inu amene muli ndi wodwala wa opaleshoni yotere, musamutembenuze, musachotse pilo, ngakhale akuoneka movutitsa mtima chotani. Funsani kaye. Ndipo inu odwala, makamaka amene munapita kusukulu, uzani aliyense wa m'nyumba mwanu m'chilankhulo chake, ngakhale amene mwambo sukulolani kulankhula naye. Musadalire kuti mudzadziletsa nokha. Munthu woferedwa kumene akagwidwa ndi manja ofewa safunsa kuti ndi a yani.