Chivwende Chodumpha Mpanda

Ine ndinakulira kwa Mlolo, kumene madzi a Shire akaphwa amasiya dothi lonona, loti njere ya dzungu ukangoiponya imamera yokha. Dimba la kwathu linkatidyetsa chaka chonse. Ndiye nditakwatiwa n'kusamukira ku malaini a antchito a pa esiteti ya nzimbe ku Chikwawa, kumene amuna anga ankagwira ntchito ku fakitale ya shuga, ndinangotula katundu pakhonde n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukaona malo olima.

Kunali kabwalo kakang'ono kozunguliridwa ndi mpanda wa bango, bafa pakona, ndi mtengo umodzi wa nimu. Dothi lake linali makande akuda okhala ndi ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Nditamenya khasu, linangodumpha, manja anga n'kuchita dzanzi.

"Mayi, pano si kwa Mlolo," amuna anga anatero akuseka pakhomo. "Pano pamamera fumbi lokha. Masamba tizigula kumsika ngati anzathu onse."

"Kugula bonongwe? Ineyo?" ndinawayankha. "Akamva kwathu adzaseka mpaka kugwa pansi."

Ndinayamba mawa lake. Inali nyengo ija dzuwa la kuchigwa limayamba ukali m'mawa kwambiri, ndipo pofika masana ngakhale agalu safuna kuponda pansi. Ndinkathira madzi madzulo kuti dothi lifewe, m'bandakucha n'kumakumba. Ndinaunda mabedi okwera bwinobwino n'kufesa mpiru. Unamera ndithu, koma sunachedwe kupsa. Madzi ankangotsetsereka m'mbali, ndipo a pamjigo, omwe ndi amchere, ankasiya zoyera pamwamba pa dothi ngati wina wawazapo ufa. Tsiku lomwe ndinazula timitengo ta mpiru touma tija, amuna anga sanaseke. Anangotenga njinga, n'kubwerako atanyamula thumba la manyowa a mbuzi ochokera kwa mnzawo wa kumudzi wina wa kwa Kasisi.

Ulendo wachiwiri ndinasintha. Ndinakumba mabedi olowa pansi ngati mabeseni kuti madzi azikhalamo, ndinasakaniza dothi ndi manyowa aja, n'kuphimbira ndi masamba ouma a nzimbe omwe ndinkatola m'mbali mwa msewu mathirakitala akadutsa. Pamwamba ndinamanga kachisakasa ka udzu koti kazitchinga dzuwa la masana. Madzi ndinayamba kutunga a pampopi wa m'malaini, ndipo otsukira mpunga ndi masamba sindinkatayanso, onse ankapita kumabedi.

M'mawa wina nditakweza masamba a nzimbe ndinapeza therere latuluka, timasamba tiwiritiwiri m'mizere yonse, matimati nawonso atatulutsa timitu. Ndinathamangira m'nyumba. Amuna anga anali atangogona kumene pochokera ku shifiti.

"Bambo, dzukani! Zamera!"

"Chamera n'chiyani?"

"Zonse! Tiyeni mukaone!"

Anatuluka atafunda chitenje changa, maso ali psuu ndi tulo, n'kugwada pambali pa bedi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Koma ndiye mwaligonjetsadi dothili." Ine ndinali ndikuvina ndekha pakati pa bwalo ndowa ili m'manja.

Chisangalalo chimenecho chinasokonezedwa ndi nkhuku. Kuseri kwa mpanda wa kumanzere kunkakhala mayi wina wa ku Mangochi, Msilamu, wamtali, wosalankhula kwambiri, yemwe amuna ake ankadula nzimbe. Ankaweta nkhuku zambiri. Tsiku lina ndikuchokera kumpopi ndinapeza thadzi lake ndi anapiye zitalowa pansi pa mpanda, zitapalasa nazale yanga yonse ya mpiru. Ndinakuwa, iye anatuluka, tinaponyerana mawu pamwamba pa mpanda. Ine ndinati nkhuku azitsekera, iye anati mpanda wobooka ndi wa mbali yanga. Kuyambira pamenepo moni wathu unafupika. "Mwadzuka?" "Ndadzuka." Basi. Ndinatseka mipata yonse ya m'munsi ndi minga ya msawu.

Koma dimba langa linakula. Pofika nthawi ya mvula yoyamba munthu akalowa kuseri kwathu ankaima kaye. Therere linali lofika m'chiuno, bonongwe ali biriwiri, matimati atamangidwa pa timitengo, tsabola wa kambuzi akufiira pakona. M'mbali mwa mpanda ndinazika mitengo ya chammwamba, yomwe kwathu timaitcha sangowa, ndipo inaphuka mofulumira moti tinayamba kudya masamba ake chaka chomwecho. Pafupi ndi khomo ndinabzala udzu wa tiyi uja wonunkhira mandimu, ndi mpungabwi womwe tinkapachika m'chipinda kuti udzudzu uchepe. M'zitini zakale za utoto ndinaikamo timaluwa tofiira ndi tachikasu tomwe timatseguka dzuwa likakwera n'kutsekanso madzulo. Nsabwe zikagwira masamba ndinkasinja nimu, kuviika m'madzi, n'kuwaza ndi tsache. Azimayi a m'malaini anayamba kubwera, wina kudzapempha mbande, wina kudzangoona. Ndinkawayendetsa ngati ndikuwaonetsa esiteti yonse, chonsecho malowo anali oti mphasa zingapo n'kuwakwanira.

Chivwende sindinabzale ine. Chinamera chokha pamene madzi a m'bafa amatulukira, mwina kuchokera ku njere zomwe amuna anga ankalavula akamadya mavwende a kumsika atakhala pamthunzi wa nimu. Poyamba ndinkayesa dzungu, koma masamba ake atayamba kugawikana ndinachizindikira. Ndinachithirira manyowa, ndipo ndi mvula ija chinayanga modabwitsa. Nthambi ina inazungulira bafa, ina inalowa m'matimati, ina inakwera mpanda wa kumanzere n'kutsikira kwa aneba aja. Ndinaganiza zoibweza, koma inali itagwira mabango mwamphamvu ndipo ndinaopa kuithyola.

Maluwa achikasu anatuluka ambiri, timavwende n'kuyamba kuoneka. Tsiku lililonse ndinkatisuzumira. Koma tonse ta mbali yanga tinalumidwa ndi tintchentche tina, tinachita mabala, n'kuwola tisanafike ngakhale kukula kwa nkhonya. Mtima unandiwawa. Ndiye tsiku lina ndikupalira m'munsi mwa mpanda ndinaona kanthu kobiriwira kudzera pampata wa mabango. Ndinaika diso. Kumbali ya aneba, pansi penipeni pa mpanda, panali chivwende chosalala, cha mizeremizere, chachikulu ngati mutu wa mwana, chopanda bala ngakhale limodzi.

Ndinasiya khasu pansi n'kusuzumiranso. Madzulo ndinawakokera amuna anga pampata paja.

"Taonani uko. Chathu chimenecho."

Anasuzumira n'kuimba mluzu. "Chathu? Muzu ndi wathu, koma chagona kwa eni ake. Mukachitenge nokha, ine za nkhuku zija sindinalowemo."

Nkhaniyo inafika kumpopi, ndipo azimayi anaitenga ngati mlandu. Mayi wina wachikulire wa ku Nsanje, yemwe Chichewa chake chinkasakanikirana ndi Chisena, anati, "Mwananga, kwathu mwana ndi wa kumene kwachokera mbewu. Pita ukatenge chako." Wina wa ku Mulanje anamudula. "Ayi, amayi. Chivwendecho chapita ku chikamwini. Mkamwini akabereka, ana ndi a mudzi umene wakwatirako." Anthu anaseka mpaka ndowa zinasefukira. Aneba anga atatulukira ndi ndowa yawo, azimayi onse anaweramira ndowa zawo, ndipo anebawo anatunga madzi awo n'kubwerera osafunsa chomwe timaseka.

Kuyambira tsiku limenelo pampata paja panasanduka pa ntchito panga. M'mawa ndisanasese, diso pampanda. Masana, diso pampanda. Mantha anga anali nkhuku, chifukwa zikajompha chivwende chimawola. Koma m'mawa wina ndinaona chitavundikiridwa ndi dengu lakale, mwala uli pamwamba. Tsiku lina dengu litachotsedwa ndinaona kuti pansi pake aikapo nkhata ya udzu kuti chisakhudze matope. Ndinabwerera m'nyumba. Mayi uja ankachisamala. Koma ankachisamalira ndani, ine kapena iye mwini? Funso limenelo linandivuta kuposa nkhuku. Komabe ndinawonjezera manyowa patsinde, ndikudziwa kuti akudyetsa chinthu chomwe mwina sindidzachilawa.

Kenako kunagwa chimvula chija chimabwera kumapeto kwa dzinja. Ngalande za m'minda ya nzimbe zinasefukira, madzi analowa m'malaini mpaka m'akakolo. Mabedi anga olowa pansi aja anasanduka maiwe. Ndinali kunja mvula ikundimenya, ndikukumba kangalande koti madzi atuluke, pamene ndinamva mawu kuseri kwa mpanda.

"Aneba! Muli ndi njerwa uko?"

Aka kanali koyamba kuti andiitane chichitikire cha nkhuku. "Zilipo! Zachiyani?"

"Mwana wathuyu akumira. Patseni kuno msanga."

Ndinathamangira pomwe tinkaphikira panja, ndinazula njerwa za pamafuwa n'kuzipereka pamwamba pa mpanda. Ndinakwera pa mtondo kuti ndione. Mayi uja anali atagwada m'madzi, mpango wake utanyoweratu, atachinyamula chivwende pachifuwa mosamala kuti nthambi isaduke. Anasanja njerwa n'kuchikhazika pamwamba. Apa m'pamene ndinachiona chonse bwinobwino. Chinali chitakula kuposa mtsuko wanga wa madzi akumwa.

"Mayo ine!" ndinakuwa. "Kukula konseku?"

Anadzutsa mutu, madzi akuyenderera kumaso, n'kuseka. "Inu mumangoonera pampata paja, simungachione chonse. Mumayesa sindikuonani? Diso lanu ndimalidziwa."

Tinaseka tonse awiri mvula ili mkati, ine pa mtondo, iwo m'matope.

Madzi ataphwa, matimati anga ambiri anafa, koma therere, sangowa ndi chivwende zinapulumuka. Tsopano tinkachiyendera awiri. Ndinkalowera pakhomo pawo, n'kumagogoda chivwende ndi chala, iwo n'kumamvetsera. "Sichinapse," ndinkatero. "Tidikire kamchira aka kapafupi ndi phesi kaume." Iwo ankati mwana wawo wamkazi wa kusekondale wakhala akuwavutitsa kuti achidule, ndipo anamuuza kuti akachikhudza adzamutumiza kwa agogo ake. Za kuti n'chandani palibe anazitchula.

Kamchira kanauma mkati mwa mwezi wawo wosala kudya, womwe iwo amati wa kufunga. Nditagogoda, chinalira mozama ngati ng'oma yonyowa. Ndinalumpha. "Chapsa! Aneba, chapsa! Bweretsani mpeni!"

"Ife tafunga," anatero mofatsa. "Tengani mukadye, muzu ndi wanu."

Ndinayang'ana milomo yawo youma. Kunja kunkatentha moti malata ankalira. "Mumamasula nthawi yanji?"

"Dzuwa likangolowa."

"Ndiye chidikira dzuwa."

Tinachidula paphesi n'kuchinyamula awiri, wina uku wina uku, mpaka m'nyumba mwanga. Tinachiika m'beseni la madzi n'kuchifunditsa chiguduli chonyowa kuti chizizire. Masana amenewo ndinalephera kugwira ntchito ina iliyonse. Ndinkangotuluka kukayang'ana dzuwa, n'kubwerera kukathira madzi pachiguduli.

Dzuwa litayandikira mapiri, tinayala mphasa kuseri kwathu pakati pa therere ndi maluwa. Anabwera iwo, amuna awo manja ali ndi zipsera za masamba a nzimbe, ndi mwana wawo uja. Amuna anga ananola mpeni pamwala. Mawu oitanira kupemphero atamveka kuchokera ku mzikiti wa m'malaini, alendo athu ananong'ona pemphero lawo n'kumwa madzi, kenako onse anatembenukira kwa ine. Ndinatenga mpeni uja. Nanga chikapezeka choyera m'kati?

Mpeni utangolowa pang'ono, chivwende chinang'aluka chokha n'kulira. M'kati munali psuu mpaka m'mphepete, njere zakuda zili mbwee, madzi akuchucha pamphasa. Mtsikana uja anaimba nthungululu. Bambo ake analuma kamodzi, anatseka maso, n'kumaliza chidutswa chonse.

"Shuga yense timadula uja wathawira muno," anatero potsiriza, akupukuta ndevu.

Chinali chachikulu moti tinalephera kuchimaliza. Tinatumiza mtsikana uja ndi mbale kwa mayi wa ku Nsanje ndi kwa wa ku Mulanje. Wa ku Nsanje anabwera yekha kudzabweza mbale, akuwomba m'manja n'kumathokoza m'Chisena. "Takhuta, takhuta! Pyadidi!" Anakhala nafe pamphasa n'kudyanso china.

M'mawa mwake aneba anga anagogoda atanyamula khasu lobwereka. Anati akufuna ndiwaonetse kakumbidwe ka mabedi aja, nkhuku azimangira khola. Tinakumba limodzi sabata yonseyo, ndinawagawira mbande za matimati ndi njere za therere, amuna anga n'kupitanso ndi njinga kukatenga manyowa. Chilimwe chimenecho therere lawo linabereka kuposa langa, ndipo mpaka lero sindidziwa chomwe ankathiramo. Ndikawafunsa ankangoti ndi zitosi za nkhuku basi, n'kundithyolera lodzaza mbale.