Wotchi Yoyenda Nthawi ya Kwathu

A Kingston ndinawadziwira pa masitepe a fulati yathu ku Pangani, mumzinda wa Nairobi. Ankakwera pang'onopang'ono atafukata wotchi yapakhoma ngati khanda la dzulodzulo, mkazi wawo Deliwe akubwera pambuyo atasenza silinda ya gasi. Nditamva Chichewa ndinasangalala kuti ndapeza anansi akwathu, moti za silindayo sindinaziganizire.

Kwawo ndi ku Balaka. Sukulu inawayanja, ndipo anadzapeza ntchito kubungwe lina ku Gigiri, yoyang'anira katundu wa chithandizo wopita kumadera a chilala. Kumapemphero a Amalawi ndiwo ankayambitsa nyimbo, suti ili gwa, mawu ofatsa ngati m'busa. Amayi ankauza amuna awo kuti aziona mmene amachitira a Kingston. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za mawotchizi zinayamba mnzawo wa kuntchito, mzungu wina dzina lake Davide, akugulitsa katundu pobwerera kwawo. A Kingston anagulako wotchi imodzi ya mkuwa, yokhala ndi nthiti zotuluka mbali zonse ngati dzuwa lojambula mwana wasukulu. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankazungulira m'nyumba za azungu osamuka ndi m'mashopu a zinthu zakale. Sankagula chisawawa. Ankafuna a m'ma 1950 ndi 1960 okha, a thabwa losalala kapena chitsulo, opanda maluwa, ambiri opanda ndi manambala omwe, timizere basi. Wotchi ya batire ankati ndi chidole. Pabalaza pawo khoma silinkaoneka, ndipo ukakhala pampando phokoso lake linkachita ngati mvula yowaza pa malata.

Mawotchi otere sayenda okha. Umalowetsa kiyi pakabowo n'kupukusa, ena kamodzi pa sabata, ena masiku onse. Ya mkuwa ija inkafuna kupukusa m'mawa uliwonse, ukaiphonya tsiku limodzi imaima. Inalinso ndi lamulo lakelake. Onse pakhomapo ankayenda nthawi ya ku Nairobi, koma iyo yokha a Kingston ankaisunga pa nthawi ya kwathu, yotsalira ndi ola. Alendo akabwera ankailoza n'kunena kuti, "Iyi ndi Balaka." Anthu ankati ndi munthu wokonda kwawo.

Koma ntchito yawo inali ya maulendo, sabata ziwiri ku Turkana, zina ku Juba. Wopukusa anali Deliwe. Makiyi ankawavala m'khosi pa chingwe, ndipo a Kingston akabwera sankafunsa kuti ana ali bwanji kusukulu yogonera kapena mkazi wadya chiyani. Ankaima pabalaza n'kuyang'ana khoma. Wotchi ikaima, ndiye kuti Deliwe sanagone pakhomo. Munthu sanalembe mlonda, sanakiye chitseko, koma mkazi wake sankatha kugona kwina ngakhale tsiku limodzi.

Ulendo woyamba kumumenya ndinamva kudzera pakhoma, chifukwa zipinda zathu zinagundana. M'mawa Deliwe analibe dzino lakutsogolo, akuti wagwa m'bafa. Wotchi ina inali itapendekeka pang'ono iye akupukuta fumbi, n'kuima. Poti ankhoswe enieni ali kutali, akuluakulu a kumapemphero anakhala pansi m'malo mwawo. A Kingston analira misozi yeniyeni, napereka tiyi ndi mandazi. Deliwe anauzidwa kuti banja ndi kupirira, mayi wina n'kuwonjezera kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ine ndinatuluka pemphero lotsekera lisanathe, mtima ukuwira.

Chaka chatha kunagwa maliro ku Ngong. Anamwalira amuna a Margaret, mnzake wa Deliwe wa mudzi umodzi, amene anamusunga Deliweyo pamene anapita padera. Thupi linkadikira ndege yopita kumudzi, ndipo monga mwa mwambo amayi tinapita kukagona pasiwa. A Kingston anali ku Turkana. Deliwe anapukusa mawotchi onse m'mamawa, n'kukwera minibasi, zija amati matatu, ndi maganizo obwerera dzuwa lisanalowe. Koma Margaret anamugwira chitenje osachisiya.

"Deliwe, nawenso ukufuna kundithawa?" anatero Margaret.

Maliro n'kulirana. Deliwe anakhala, ndipo anagonako kawiri.

Atabwerera anapeza ya mkuwa ija ili zii. Anaipukusa, inayamba kuyenda. Mutu uli wolemera ndi tulo ndi kulira, anakweza maso kuyang'ana mawotchi anzake pakhomapo n'kukankha mivi kuti ifanane nawo. Anaiwala Balaka.

A Kingston anafika masana a tsiku lotsatira, ine ndikuyanika zovala pakhonde. Sanatseke n'chitseko chomwe, chikwama anachisiya pakhomo. Ndinawamva akufunsa ndi mawu a kumapemphero aja.

"Iwe, Balaka wasamukira liti ku Kenya?"

"Pepani bambo, kunali maliro a amuna a Margaret."

"Unagona kuti?"

Sanadikire yankho. Ndinamva mbama, kenako thupi likugunda tebulo, makapu akusweka. Pamene ndinkalowa, Deliwe anali pansi, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'khutu. A Kingston anamukoka ndi chingwe cha makiyi chija mpaka chinamucheka khosi. Anagwira dzanja lake lamanja n'kuliyala patebulo, natenga chitsulo cholemera chimene chimalendewera pansi pa wotchi ina.

"Dzanja ili ndi limene lagwira mivi yanga?"

Anamenya. Ndinamva mafupa akuthetheka ngati nkhuni zouma. Deliwe sanakuwe, anangotsegula pakamwa mpweya osatuluka. Anamenyanso. Ndinawagwira mkono koma anandikankha ndi chigongono, ine n'kukagwera pakhoma, mlomo utang'ambika. Anansi anali atadzaza pamasitepe, wina akuti "Ita askari", kuti aitane apolisi, koma wolowa panalibe.

Pamene ndinagwerapo, pamwamba pa mutu wanga panali ya mkuwa ija. Ndinaizula pamsomali, n'kuthamangira nayo pakhonde, n'kuitulutsa kunja kwa zitsulo zotchinga khondelo. Timakhala pamwamba, pansi pake ndi simenti yoimikapo magalimoto.

"Achimwene, mukamukhudzanso ndiisiya."

Chitsulo chija chinagwa m'manja mwawo. Bambo wamkulu, wa suti, anagwada pa makapu oswekawo n'kuyamba kuyenda ndi maondo kubwera kwa ine, manja ali m'mwamba.

"Asisi, chonde, gwirani ndi manja awiri. Imeneyo kulibenso ina. Musaipendeketse."

Pa zonse ndinaona tsiku limenelo, ichi ndi chimene chimandinyansa mpaka lero. Mkazi wawo ali chigonere m'magazi, iwo ankaopa kuti wotchi ipendekeka.

Ndinaima choncho mpaka amayi awiri a Chikenya analowa n'kumunyamula Deliwe kutsika naye. Pakhomo Deliwe anawaimitsa. Ndi dzanja lamanzere anavula chingwe cha makiyi n'kuchiponya pansi. Nditamva takisi ikunyamuka, ndinaika wotchi ija pansi bwinobwino n'kutuluka. Sindinaiswe. Ndinaona kuti ikadali ndi ntchito.

Akuluakulu anabweranso kuchipatala ndi mawu awo akale, koma Deliwe anatembenukira kukhoma. Atachira anapita ku Ngong, kumene akukhala ndi Margaret, ndipo ana akatsekera sukulu amafikira komweko. Nkhani ya kupolisi ikuyenda mwa kayendedwe kake. A Kingston anatsala ndi khoma lawo. Wantchito samukhulupirira, choncho amapukusa okha. Anayamba kukana maulendo, kuofesi anawasuntha pa mpando, ndipo kumaliro a anzathu amangofika masana n'kuthawa dzuwa likapendeka. Anthu anasiya kuwapatsa nyimbo.

Mwezi wathawu anagogoda pakhomo panga, maso ali ofiira, chingwe cha makiyi chili m'manja. Mayi awo amwalira ku Balaka.

"Asisi, ndi sabata imodzi yokha. Ndikuonetsani kapukusidwe kake. Ndafunsa onse, akana."

Ndinawapepesa za malirowo, chifukwa mayiwo sanandilakwire. Makiyi sindinalandire. Dzulo lake ndinali ku Ngong, ndipo ndinaona Deliwe akulimbana ndi loko ya chitseko ndi dzanja lamanzere, poti lamanja lija silipindanso zala.

Anaima pakhonde nthawi yaitali, kenako anabwerera m'nyumba mwawo. Mayi awo anaikidwa Lachinayi. M'mawa wa Lachinayi lomwelo ndinawamva kudzera pakhoma, akupukusa Balaka.