Mpando umene munakoka, ba Chanda

Ba Chanda, lelo chakwana chaka mutatisiya. Gulu lathu la ojambula mapulani pa kompyuta lakumana ku Woodlands monga timachitila mwezi uliwonse, koma ine ndinangokhala chabe, zimene anali kuphunzitsa sindinazimve.

Ndinali kukumbuka tsiku langa loyamba pagululi, nditangomaliza koleji, mkazi ndekha pakati pa mainjiniya. Ndinaonetsa pulani ya denga la nyumba ya amayi anga, ndipo wina anaona kuti mitanda yake sinali kukumana pamwamba. Anthu anaseka. Inu munakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Munati, "Museka chani imwe? Ine poyamba nenze kuyopa na kugwila mausi. Mwana wanga, tiye tiyambilenso, mzele umodzi umodzi." Anzathu anapita kukadya, koma inu munatsala nane mpaka mitanda ija inakumana. Nyumbayo tinaimanga ku Chelstone, ndipo amayi akhalamo. Tikaonana munali kufunsa kuti ndidzakupelekani liti mukaione, ine n'kumayankha kuti, "Tikapaka penti." Penti tinapaka mwezi watha, ba Chanda.