Tsiku Limene Ndinasambitsa Injini ya Emelda

Mukamva anthu mu komboni ya Mtendere muno akuti "Ba Injiniya adutsa," musayang'ane bambo wa mimba yaikulu, ayi. Akunena mng'ono wanga Emelda, kamkazi kakafupi koyenda ngati kakuthamangitsidwa. Ine ndine Judith, mkulu wake. Amayi atamwalira ndinasiya sukulu giredi seveni, n'kuyamba kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga kuti iyeyu aphunzire. Ndiye ndikamanyada, ndisiyeni ndinyade!

Emelda anatsiriza digiri ya zomangamanga, n'kupeza ntchito pa kampani ina yomanga ngalande. Madzulo amapitanso ku yunivesite kukachita digiri yachiwiri. Kafukufuku wake ndi wa njerwa za simenti zosakaniza ndi fumbi la miyala, lomwe lija ine ndinkataya. Njerwazo zadzaza kuseri kwa nyumba, ndimapunthwa nazo n'kumatukwana ndekha.

Koma chimene chinkamusowetsa mtendere ndi chiphaso cha bungwe la mainjiniya. Popanda chimenecho, pulani ajambule yekha, wosayina ndi kudinda akhala wina. Kuti uchipeze umakaonekera pamaso pa akuluakulu, akupanikize ndi mafunso. Chaka chatha anamuitana, koma minibasi inakana kunyamuka isanadzaze. Kondakitala anangoti "babili chabe, babili chabe!" mpaka nthawi inadutsa. A bungwe aja anamuuza kuti adikire chaka china. Analira mwana uja, ine mtima kuwawa.

N'chifukwa chake anagula kagalimoto kakale kabuluu, kamene tinakatcha Nkhalamba. Chitseko chake umatsegulira kunja, batire anamangirira ndi mphira, koma Emelda amakadziwa matenda ake onse.

Chaka chino anamuitananso, Lachinayi naini koloko m'mawa. Lachitatu masana iye ali m'chipinda kuwerenga, ine ndinayang'ana Nkhalamba ili mbuu ndi fumbi. Ndinati ayi, mwana wa amayi anga sangapite kwa akuluakulu ndi chinthu chotere. Ndinaitana Ba Fanwell, otsuka magalimoto pafupi ndi msika.

"Ba Fanwell, tsukani vonse, na injini yomwe. Iwale!"

Ba Fanwell sanachite ulesi. Anatsegula boneti n'kuthiramo zidebe zisanu. Ndinagona wokondwa, ndikudziyamikira nzeru.

M'mawa hafu seveni Emelda anatuluka atavala bulauzi yoyera, mapepala ali m'khwapa. Anapotokola kiyi. Tche-tche-tche, zii. Kachiwiri, chimodzimodzi. Anatsegula boneti, n'kungoima.

"Ba sisi, nindani wathira manzi mu injini?"

Mayo ine! Ndinagwira pamutu. Ndinavomera, misozi ili mbwe, ndikudikira kuti andilalatire. Iye anangopukusa mutu n'kuyang'ana wotchi.

"Mapulagi yanyowa. Thamangani kwa Ba Salome, mubwereke cha kuumitsira tsitsi."

Ndinathamangira ku saluni ya Ba Salome ndili chosavala nsapato. Kufika, magetsi anathima kale mbandakucha. Zoona, tsoka sasimba! Ndinabwerera chimanjamanja ndikunena kuti tikwere minibasi.

"Minibasi futi? Iyayi. Bweretsani mbaula."

Anamasula mapulagi onse anayi, n'kuwayala pa chivundikiro cha poto pamwamba pa makala. Ine ndinagwada kukupiza moto, iye akupukuta mabowo a injini ndi chitenje changa chatsopano. Anthu a pamzere wa nyumba zathu anasonkhana. Wina anaseka kuti Ba Injiniya lero akukazinga zitsulo, ndinamuyang'ana diso limodzi, iye n'kutseka pakamwa. Emelda anabwezera mapulagi akuotcha zala, ife tonse n'kukankha, Ba Fanwell patsogolo pa manyazi. Nkhalamba inatsokomola, inatsokomolanso, kenako vuuu! Mzere wonse unakuwa.

Ndinalumphira m'galimoto osaitanidwa. Tinafika pa ofesi ya bungwe kutatsala mphindi zisanu. Apo m'pamene ndinaona bulauzi ija, yakuda bii ndi oilo. Ndinavula yanga yamaluwa, tinasinthana pomwepo titadzitchinga ndi chitenje. Inamukulira, koma inali yoyera bwino.

"Ba sisi, khalani apa, phazi pa aka kachitsulo," anatero akundiloza chopondera moto. "Batire yasila. Mukachosa phazi izazima, ndipo masana nifunika kupereka njerwa ku yunivesite."

Ine Judith, amene sindinagwirepo chiwongolero chibadwire, ndinakhala ola lathunthu ndi theka nditaponda kachitsulo kaja. Mwendo unachita dzanzi. Mlonda anabwera kawiri kudandaula za utsi, ndinamuuza kuti akadandaule kwa amake. Mumtima ndinkangopemphera kuti Mulungu asalange mwana chifukwa cha kupusa kwanga, pakuti chaka china chodikira chikanakhala mlandu wanga.

Kenako chitseko chagalasi chinatseguka. Emelda anatuluka akuyenda pang'onopang'ono, nkhope yosawerengeka, manja akadali akuda m'zikhadabo. Anafika pa windo n'kuwerama.

"Banifunsa za njerwa zanga, ba sisi. Nabauza kuti fumbi ninaidziwira pa miyala yanu." Kenako anamwetulira. "Bakuti napasa. Chidindo nizatenga mwezi wa mawa."

Ndinaiwala zonse! Ndinatumphira panja ndikululutira, ndikuvina pakati pa magalimoto a mabwana ndi bulauzi ya oilo ija. Kumbuyo kwanga Nkhalamba inangoti phwii, n'kuzima.

Tinayang'anana, n'kuphulika kuseka. Ndinapinda chitenje kuti ndizikankha monga mwa masiku onse, koma Emelda anandigwira mkono n'kundibwezera pa mpando wa dalaivala. Anandionetsa poponda ndi nthawi yochotsa phazi, anavula nsapato zake za gogoda n'kuziika pamiyendo panga.

"Gwirani chiwongolero, ba sisi. Zaka zonse izi mwanikankha ndimwe. Lelo nikankha ndine."

Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, koma msewu sindinkauona chifukwa cha misozi.