Eriyo ya Amalume

Chinali chinthu cha nthiti zachitsulo, chopepuka ngati mafupa a nsomba youma, ndipo nthiti imodzi inali yopindika. Amalume anabwera nacho paphewa kuchokera kumsika waukulu wa m'tauni, wapansi mpaka kwathu ku Kanyama, dala kuti aliyense aone. Anachimanga kunsonga ya mtengo wa bulugamu ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kukwera padenga, n'kusuntha miyala yotsendera malata, n'kuchiimika. Ana onse a mumzere wa nyumba zathu tinali pansi, makosi atapindikira kumwamba. Inali eriyo ya TV. TV yeniyeniyo tinalibe.

Zinali zaka zija za mizere. Ufa mzere, mafuta ophikira mzere, sopo mzere, ndipo nthawi zina unkaima kaye kenako n'kufunsa chimene akugulitsa kutsogoloko. Amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, anali atachotsedwa ntchito kufakitale ya mabulangete, nabwera kudzakhala nafe m'zipinda zathu ziwiri. Ntchito inatha koma matama anatsala onse. Nsapato ankapukuta m'mawa ndi madzulo, m'dera limene fumbi lake silimva polishi. Ndipo anali atagwa m'chikondi ndi mtsikana wa ku Matero, wa kunyumba ya magetsi ndi madzi a pampopi, amene makolo ake ankati mwana wawo sangakwatiwe mu komboni ya amphawi ngati yathu. Amalume analumbira kuti amukwatira, ndipo eriyo ija inali chiyambi cha nkhondoyo.

Amayi anatuluka tepi yoyezera ili m'khosi, nayang'ana padenga, nafunsa ngati chinthucho chimadyedwa. Amalume anayankha ali pamwamba pomwepo, motsitsa mawu kuti anansi asamve: "Ba sisi, vinthu viyamba so. Eriyo poyamba, TV izabwera."

Amene ankatidyetsa m'nyumbamo anali makina osokera, akuda, opukusa ndi dzanja, amene bambo anagulira amayi asanamwalire. Ankakhala pathebulo pafupi ndi zenera. Amayi ankasoka mayunifolomu a sukulu, kuchepetsa zovala zakale zogula pa salaula, kutembenuza makolala a malaya otha. Ndikatseka maso mpaka lero ndimamva fungo la mafuta ake ndi la nsalu yatsopano, ndi phokoso lija, chaka-chaka-chaka, limene linkandidzutsa m'mawa. Amayi ankati makinawo ndiwo mwamuna wa nyumbayo, ndipo ankanena amalume ali pomwepo.

Koma amalume sanali munthu wosiya chinthu panjira. Anapeza katoni ya sopo, naiika pampando m'kona, nalowetsa waya wa eriyo pazenera mpaka kuseri kwake. Pamwamba anafunditsa nsalu yoyera yoluka, imene amayi ankasungira alendo, n'kuikapo kabotolo ka maluwa apulasitiki. Masiku amenewo aliyense wokhala ndi TV ankaifunditsa chomwecho poopa fumbi, ndiye ukasuzumira pakhomo, iii, inali TV ndithu. Munthu akapempha kuonera, yankho linali lokonzeratu: batire ili kotchaja. Kwathu kunalibe magetsi, ma TV ankayendera batire ya galimoto, ndipo batire yathu inkakhalira kotchaja ngati inakwatiwa kumeneko.

Zimene zinachitika pambuyo pake zimandiseketsabe. Kumpopi amayi ena anayamba kupatsa amayi malo kutsogolo. Wogulitsa malasha anayamba kutitcha apamwamba. Anyamata ogulitsa fodya mmodzimmodzi pamphambano, amene kale sankatiyang'ana n'komwe, anayamba kundifunsa kuti TV yathu ndi yaikulu bwanji, timaiika chipinda chiti, ndipo ine ndinkawayankha zonse mokondwa. Ngakhale amayi, amene poyamba ankanyoza, ndinawapeza tsiku lina akukonza nsalu ija kuti igwe bwino m'mbali. Sindiwaweruza. Mkazi wamasiye amene wakhala akupondedwa chala pamzere wa ufa, akapatsidwa ulemu pang'ono, safunsa kumene wachokera.

Ine ndiye ndinapenga nayo. Ndinali m'giredi folo, mtsikana wamfupi, wa mapazi ong'ambika, ndipo kufikira pamenepo palibe ankandidziwa. Amalume ankapita m'tauni kukaima pawindo la sitolo yogulitsa ma TV, manja m'thumba ngati wofuna kugula, n'kuonera mpaka alonda atawathamangitsa. Akabwera ankandifotokozera zonse uku akusewera: azungu onenepa ovala tikabudula akuponyana pansi, wowerenga nkhani akukonza mapepala ake, mayi wa m'filimu akulira popanda mamina. Iwo ankafuna nkhanizo kuti akacheze nazo ku Matero. Ine ndinkazitengera kusukulu, n'kuthirapo mchere wanga. Nthawi yopuma ndinkaima pachitsa kuseri kwa kalasi, anzanga atandizinga, n'kumagwetsa mzungu wonenepa ndi chigongono. Ankandipatsa chimanga chokazinga, nzimbe, ngakhale chiwaya cha mbatata. Ndinayamba kuyenda ngati amalume, mapewa kumbuyo, ndi kuyankhula ndikuyang'ana zikhadabo. Usiku uliwonse ndinkapatsa katoni ija moni, ndipo kunena zoona panafika nthawi imene ndinkaiopa kuigunda kuti ingasweke.

Zinayenda ndithu. Azakhali a mtsikana uja anadutsa dala mumzere wathu kudzaona kumene mkamwini amakhala, ndipo anaima nthawi yaitali akuyang'ana padenga. Tsiku limenelo amalume anavina m'nyumba atanyamula ine paphewa, mutu wanga n'kugunda malata.

Kenako kunabwera mpira. Timu ya dziko inali ndi masewero aakulu Lamlungu masana, ndipo aphunzitsi athu anali munthu wodwala mpira. Ankaphunzitsa masamu ndi zigoli. Lachisanu tikuweruka anandiitana, anzanga onse akumva.

"Iwe wa TV, Sondo nizabwera kutamba bola kwanu."

Ndinayankha mwaulemu zimene ndinaphunzitsidwa, kuti batire ili kotchaja. Iwo anaseka, nandisisita pamutu, nati ndisadandaule, mlamu wawo ndi makanika, batire abwera nayo okha. Kalasi yonse inakuwa kuti nayonso ibwera.

Ndinathamanga ulendo wonse, kulumpha ngalande ndi miyala ya ku Kanyama. Amalume atamva anakhala pansi, navula nsapato imodzi, naiyang'ana m'kati ngati muli yankho. Loweruka lonse anazungulira Lusaka kufuna wobwereka TV: ku Chawama kwa mnzawo wa kufakitale, ku George kwa msuweni, mpaka ku Lilanda. Ndani angabwereketse TV tsiku la mpira? Anabwera nsapato zitayera ndi fumbi. Amayi sanasiye kupukusa makina. Anangoti mawa aphunzitsi akafika, mwini TV ndiye avundukule nsalu, iwo akhala kuseri akutsuka mbale. Ine ndinaganiza zothawira ku Chipata. Ndinaganiza zodwala malungo. Ndinkaona kale chitsa changa chitakhalidwa ndi wina, ndi dzina limene anzanga akanandipatsa mpaka kumaliza sukulu.

Lamlungu m'mawa tinapita kutchalitchi tonse, ngakhale amalume amene sankapondako. Sindinapempherepo ngati tsiku limenelo. Ndinapempha mvula, ndinapempha kuti njinga ya aphunzitsi iphulike, ndinapempha Mulungu achite chilichonse chimene angathe.

Pobwera tinaona anthu ataunjikana pakhomo pathu. Chitseko chinali chitapachikika pa hinji imodzi, loko ali pansi. Akawalala anadikira mzere wonse upite kokapemphera. Amalume ndiwo analowa poyamba, ine m'mbuyo mwawo. Katoni ija inali pansi, yopondedwa mwaukali, maluwa apulasitiki atamwazika. Ndinaona phazi la amalume likuikankhira msangamsanga kunsi kwa bedi. Kenako anatuluka atagwira waya wa eriyo m'manja, naukweza kuti onse aone, nafuula: "Batibela TV!"

Abale, chimwemwe chimene ndinamva! Ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisaseke. Mulungu anali atayankha, ndipo anayankha mwanzeru kuposa mmene ndinapemphera. Tsopano panalibe wovundukula nsalu. TV yathu inali yoona kuposa kale, chifukwa khamu lonse linali mboni kuti yabedwa. Aphunzitsi anafika akukankha njinga, batire itamangidwa pakaliyala, ana a m'kalasi ali pambuyo ngati nkhuku. Anagwira kumutu, natukwana akawalala a masiku ano, nafunsa kukula kwa TV. Amalume anatambasula manja, ndipo ndikulumbira kuti inali yaikulu kuposa katoni. Anzanga ankandigwira dzanja mmodzimmodzi ngati pamaliro. Ndinayesetsa kugwetsa nkhope.

Amayi sanatuluke. Anthu ankalowa kudzawapepesa za TV, iwo n'kumangogwedeza mutu. Nditatopa ndi ulemerero wanga panja, ndinalowa kukamwa madzi, ndipo ndinawapeza atakhala pathebulo lawo la pazenera. Pathebulopo panalibe kanthu. Panangotsala chizindikiro cha makona anayi, poyera pamene makina ankakhala, ndi kadontho ka mafuta. Mayunifolomu a eni ake, amene anali m'thumba pansi pa thebulo, nawonso anapita. Ndinaona zonsezo, maso anga anali bwinobwino, koma mutu wanga unali pa TV.

Ndinayenera kukula kuti ndilumikize zinthu: kuti anthu amene anathyola chitseko anabwera chifukwa cha chimene chinali padenga, ndipo atapeza katoni sanafune kubwerera chimanjamanja. Mvula isanagwe chaka chimenecho amayi anali atakhala m'mbali mwa msewu ndi amayi ena, akuphwanya miyala yogulitsa ndi hamala, zala zija zolowetsa ulusi m'singano popanda kuyang'ana zitatupa. Amalume anapitabe ku Matero ndi nkhani yawo ya kuberedwa, ndipo inawayendera kwa kanthawi. Eriyo inakhala padenga mpaka mphepo inaigwetsa yokha.

Koma masana amenewo ndinangoona amayi akulira mwakachetechete, misozi ikugwera pa diresi lawo la kutchalitchi, ndipo ndinawamvera chisoni kuti nawonso aiwala. Ndinayang'ana kukhomo kuti pasakhale womva, ndinaika pakamwa pakhutu pawo, n'kuwanong'oneza: "Amayi, musalire. Munalibe kanthu muja, inali katoni chabe."

Anapukuta misozi. Kenako anandikokera pafupi, nakonza kolala ya diresi langa, limene anandisokera pa Isitala. Panali kaulusi kolendewera paphewa. Anawerama, nakadula ndi mano monga ankachitira akamaliza chovala chilichonse.

"Ndikudziwa, mwanangu. Pita ukasewere."

Ndinatuluka ndikudumpha, anzanga akundidikira kuti ndiwauze mmene akawalala anainyamulira. Diresi limenelo ndinalivala mpaka linafika pamwamba pa mawondo, ndipo ndinkadabwa kuti amayi akuchedweranji kundisokera lina.